Penti wakuda kapena wowala pabalaza? Tithandizeni, kunyumba kwavuta

Make Yankho (Machinjiri): Abale anga, ndabwera ndi mlandu. Nyumba yathu ija tinayamba kumanga mu 2019 yafika popaka penti tsopano. Pulasitala tinamaliza, siling'i aika sabata yatha, mawindo ali m'malo. Chavuta ndi mtundu wa penti wa pabalaza. Ine mtima wanga uli pa gireyi wakuda uja wonga makala, makoma onse anayi, kenako makatani oyera ndi mipando ya khofi. Zithunzi zake ndakhala ndikusunga m'foni zaka ziwiri. Abambo akunyumba akuti zimenezo ayi, akufuna kirimu ngati kwa amayi awo, ngati kwa alongo awo, ngati nyumba zonse za mu Blantyre muno. Dzulo tagona osalankhulana chifukwa cha penti. Amene munapakapo wakuda m'nyumba, zikukuyenderani bwanji? Mundiuze zoona, musandinyengerere.

Nachisale wa ku Bangwe: Kkkkk asisi, banja lithe chifukwa cha penti? Pakani kirimu mupume.

Mnyamata wa Manoma: Pakani buluu basi, nkhani ithe. Nyumba imadalitsika.

Maule Mpaka Kale: Buluu ndiye mukhala mukulira chaka chonse ngati anzathu aja. Wofiira mayi, wofiira.

Mmisiri wa ku Ndirande: Anyamata inu tapitani ku Kamuzu Stadium, kuno tikukamba za ntchito. Mayi, ine ndakhala ndikupenta nyumba za anthu zaka zoposa 15, kuyambira ku Mbayani mpaka ku Namiwawa. Ndisanayankhe ndikufunseni kaye. Pabalazapo ndi potalika bwanji? Mawindo ndi angati, ndipo dzuwa limalowa nthawi yanji? Kutsogolo kuli khonde? Pansi mwaika matailosi kapena ndi simenti yopolisha?

Make Yankho (Machinjiri): Ndi mamita 5 kwa 4 bambo. Windo ndi limodzi, lalikulu ndithu, koma kutsogolo kwake kuli khonde lofolera. Dzuwa lenileni sindinalionepo likulowa, makamaka miyezi yozizira ino. Pansi taika matailosi otuwa.

Mmisiri wa ku Ndirande: Ehee, pamenepo ndiye pagona nkhani. Zithunzi mukusungazo, taziyang'aninso bwino. Nyumba zake zimakhala ndi magalasi kuyambira pansi mpaka kudenga, mababu khumi m'siling'i, nyali ina pakona, ndipo wojambulayo wasankha ola labwino. Inu muli ndi windo limodzi, khonde likulitchinga, mudzaikanso zitsulo zotchinga akuba, kenako neti, kenako katani yokhuthala. Kuwala kofika m'katimo ndi kochepa kale. Khoma lowala limakubweza kuti kuzungulire m'chipinda, lakuda limangokumeza.

Chaka chatha ndinapenta nyumba ina ku Chirimba, mwini wake mtsikana wogwira ntchito kubanki. Anaumirira wakuda wonga mukunenawu, pabalaza ponse. Ndinamuchenjeza, anati "bambo, ndalama ndi zanga." Ndinapaka. Tsiku lomaliza kunali kokongola zedi, inenso ndinajambula. Patangotha miyezi 4 anandiimbira foni. Akuti masana enieni akumayatsa babu kuti aone rimoti ili pati, ndipo magetsi akazima kandulo imodzi sikuoneka kuti yayatsidwa. Tinabwezeretsa wowala. Koma kubwerera sikophweka: andakoti (penti wapansi) kamodzi, pamwamba makoti atatu, wakudayo akusuzumirabe m'makona. Ndalama analipira kawiri, ine sindinadandaule, koma mtima unandipweteka.

Nachisale wa ku Bangwe: Chikomekome cha mkuyu chimenecho.

Anambewe (Johannesburg): Koma abale tisamaopsezane choncho. Ine kuno chipinda changa chogona ndi chobiriwira chakuda, chonga masamba a mango okhwima, ndipo ndimagona tulo tabwino kuposa kale. Kuchipinda munthu sufuna kuwala kwambiri. Amalawi tinazolowera kirimu ngati lamulo. Ukalowa nyumba ya ku Nkolokosa kirimu, ya ku Chinyonga kirimu, ofesi kirimu, kuchipatala kirimu. Make Yankho, nyumba mwamanga zaka zonsezi ndi thukuta lanu, muli ndi ufulu woti izioneka ngati yanu.

Make Yankho (Machinjiri): Zikomo Anambewe, mwandilankhulira. Ine kirimu amandikumbutsa nyumba za lendi zonse ndakhalamo. Zisanu ndi ziwiri, zonse kirimu, zonse zosaloledwa kukhoma ngakhale msomali.

Agogo a Landilodi (Chilobwe): Mwana wanga, poti watchula za lendi, ndiyankhe ine mwini nyumba za lendi. Kirimu sitimukonda chifukwa chokongola ayi. Timamukonda chifukwa wolowa akatuluka, umagula chitini chimodzi, kupaka pomwe padetsedwa, ndipo sipaoneka chigamba. Wakuda ukangopaka pamalo amodzi, chigambacho chimaonekera patali ngati chilonda, mpaka ubwereze khoma lonse. Mnyamata wina anandipakira chipinda chakuda bii osandiuza, akuti ndi situdiyo yojambulira nyimbo. Atasamuka, anthu atatu anabwera kudzaona, onse kungosuzumira pakhomo n'kubwerera. Mayi wina anachita kundifunsa ngati munali maliro.

China ndi chinyontho. Chichitikireni mvula ya Freddy ija mu March 2023, makoma a nyumba zanga ziwiri zimene zinapulumuka sanaumenso bwinobwino m'munsi. Mvula ikayamba amatuluka zoyera zonga mchere, penti n'kumatukuka. Pa khoma lowala zimabisikako, umangopukuta. Pa lakuda zimaoneka ngati wina wawaza ufa.

Amalume a ku Nyambadwe: Agogo akunena zoona, ndipo ndiwonjezere kuti mcherewo si vuto la penti. Ndi madzi amene akukwera m'njerwa kuchokera pansi, makamaka ngati pomanga sanayale pulasitiki yotchinga chinyontho pamwamba pa faundeshoni. Madzi akauma amasiya mcherewo pakhoma. Ngakhale mupake penti wodula bwanji, amatukuka basi. Make Yankho, pulasitala wanu wakhala nthawi yaitali bwanji? Simenti yatsopano imafuna masabata 4 kapena kuposerapo kuti iume, ndipo m'nyengo ya chiperoni ino onjezerani. Poyamba pakani primer, penti woyambira wa pa pulasitala, osangothira penti wamba wa PVA wosungunula ndi madzi ngati mmene ena amachitira pofuna kuthamanga.

Tsono za kuwala zija a Mmisiri anena, zili ndi nambala yake. Pa makadi ena osonyeza mitundu ya penti, monga a Dulux kapena Plascon, mumapeza zilembo zoti LRV ndi nambala yoyambira 0 kufika 100. Imakuuzani kuti pa kuwala kogwera pakhomapo, kobwerera m'chipinda ndi kochuluka bwanji. Woyera amakhala cha m'ma 80 kupita m'mwamba, kirimu cha m'ma 70, gireyi wapakatikati cha m'ma 40, pomwe wonga makala uja ali cha m'ma 10. Ndiye kuti khoma lanu lizidya magawo 9 mwa magawo 10 a kuwala kumene windo limodzi lija lavutikira kulowetsa.

Komanso ife tili kumwera kwa equator. Mu June ndi July dzuwa limayenda cha kumpoto, ndiye windo loyang'ana kumpoto ndi limene limalandira dzuwa miyezi yozizira. Mmene mwafotokozeramo, lanu liyenera kuti likuyang'ana kumwera. Malangizo ambiri a pa intaneti amalembedwa ndi anthu a ku London kapena ku America, kumene zili motembenuza: iwo chipinda choyang'ana kumwera ndiye chadzuwa. Mukawatsatira osatembenuza mudzalira.

Make Yankho (Machinjiri): Shaa! Amalume, ine ndinawerengadi kuti chipinda choyang'ana kumwera chimalola penti wakuda, ndipo ndinawaonetsa abambo ngati umboni. Pulasitala watha miyezi iwiri.

Mnyamata wa Manoma: Umboni wagwa m'khoti kkkkk.

Che Jafali wa ku Limbe: Nanga za kutentha bwanji? Ine ndimamva kuti penti wakuda amatenthetsa nyumba. October wa ku Machinjiri si masewera.

Amalume a ku Nyambadwe: Che Jafali, kwa khoma la m'kati zimenezo n'zochepa. Chakuda chimatentha dzuwa likachiomba. Khoma limene dzuwa silifikapo silingatenthe chifukwa cha mtundu wake. Chimene chimatiphika mu October ndi malata. Apo ndiye mtundu uli ndi ntchito: malata akuda amene afala masiku anowa amatentha kwambiri kuposa owala, ndipo ngati mulibe siling'i kutentha konseko kumatsikira pamutu panu. Khoma la kunja loyang'ana kumadzulo nalonso musalipake wakuda, limasunga kutentha mpaka usiku.

Make Yankho (Machinjiri): Malata athu ndi akuda amalume. Ndinasankha ndine. Musawauze abambo.

Nachisale wa ku Bangwe: Asisi inu ndi zakuda, munabadwira kumakala?

Mayi Nesi (Zingwangwa): Ine ndingoponyapo za udzudzu. Umakonda kubisala pamalo amdima, kuseri kwa makatani, pansi pa bedi, pa zovala zakuda zopachika. Pakhoma lowala ukatera umauona, umaumenya ndi silipasi. Pa lakuda ungomva kulira kukhutu osauona. Sindikunena kuti penti amateteza malungo, neti ndi neti basi, koma kuchipinda kwa ana ine ndingasankhe wowala. Akangaude ndi mphemvu nazonso umaziona msanga.

Make Tadala (Manja): Kuchipinda kwa ana wowala?? Mayi Nesi, bwerani mudzaone kwathu. Tinapaka woyera mbee mu December, pofika Isitala khoma linali ndi mapu a dziko lonse. Manja a nsima, makirayoni, chingamu, wina analemba dzina lake ndi bolopeni pafupi ndi switchi. Ndiye fumbi la August lija likayamba, lofiira lija, m'munsi monse mumasanduka ngati njerwa. Ine ndikadziwa ndikanapaka wakuda.

Mmisiri wa ku Ndirande: Make Tadala, wakuda sakanakupulumutsani, amangosintha mtundu wa litsiro looneka. Wowala amaonetsa manja ndi mwaye, wakuda amaonetsa fumbi, ufa, choko, ndi paliponse pamene mpando wakhula. Choipa kwambiri, wakuda wosanyezimira ukamupukuta ndi kansalu, pamene wapukutapo pamayamba kunyezimira, pena ayi, khoma n'kukhala mawangamawanga. Vuto lanu si mtundu, ndi PVA wotchipa amene sachapika. Pa nyumba ya ana pamafunika penti wochapika, amene amalemba kuti silk kapena sheen.

Makolo athu sanali opusa. Taonani masukulu a mishoni ndi zipatala zakale: m'munsi gulosi, penti wonyezimira uja, wobiriwira kapena wabulauni kufika cha m'chiuno kapena m'phewa, pamwamba njereza kapena woyera. M'munsi ndi mofika manja ndi matope, mumatsuka ndi sopo. Pamwamba ndi pobweza kuwala. Masiku ano anthu amati ndi zachikale, koma ndikapaka mzere wowongoka bwino ndi mitundu yogwirizana, omwewo amafunsa kuti sitayilo imeneyi mwaitenga kuti.

Koma gulosi ali ndi khalidwe lake. Amaulula pulasitala. Ngati womanga wanu anali ndi dzanja lonjenjemera, gulosi wakuda adzaonetsa mafunde onse, makamaka babu ikayaka cham'mbali.

Mayi Nesi (Zingwangwa): Poti mwatchula gulosi wakale, amene mukukonza nyumba zakale samalani pokwecha. Penti wamafuta wakale, makamaka wachikasu ndi wofiira, wina amakhala ndi mtovu, ndipo fumbi lake ndi loopsa kwa ana aang'ono ndi amayi oyembekezera. Nyowetsani khoma musanakweche, ana akhale kutali, mukatha kolopani osati kusesa.

Maule Mpaka Kale: Wachikasu ndi woopsa kale ngakhale pa ndale kkkk. Wabuluunso chimodzimodzi.

Admin: Achimwene, ndale pano ayi. Chenjezo loyamba.

Che Jafali wa ku Limbe: Tiyeni tikambe za thumba, chifukwa chigwereni kwacha mu November 2023 ndowa ya penti umachita kuyang'ana kawiri mtengo wake. A Mmisiri, pabalaza pa mamita 5 kwa 4 pamalowa malita angati?

Mmisiri wa ku Ndirande: Tiwerengere limodzi. Kuzungulira ndi mamita 18. Kutalika kwa khoma tinene 2.7. Zikutipatsa masikweya mita pafupifupi 49, tichotsepo chitseko ndi windo, titsale ndi 43. Pa pulasitala watsopano lita imodzi ine ndimaiwerengera masikweya mita 8, ngakhale pachitini alembe zoposa apo, chifukwa khoma latsopano limamwa. Ndiye koti imodzi ndi malita 5 ndi theka. Wowala makoti awiri akwana, malita 11. Wakuda amafuna atatu kuti asaoneke mizere ya rola, malita 16 kapena 17, ndipo pansi pake pamafunika andakoti wotuwa, osati woyera. Onjezani kuti mitundu yakuda kwambiri nthawi zambiri amachita kukusakanizirani pa makina, ndipo mtengo wake umakwera kuposa woyera kapena kirimu wa pashelefu.

Mukasankha wosakaniza, gulani wokwanira tsiku limodzi. Mukaperewera n'kubwerera sabata yamawa, nambala yomweyo ikhoza kutuluka mosiyana pang'ono, ndipo pa wakuda kusiyanako kumaoneka. Zitini zikakhala zingapo, zithireni m'ndowa imodzi, takasani, kenako muyambe. Pepala la nambala lija lisungeni ngati chiphaso cha ukwati.

Chinanso, musalole mmisiri kuthira madzi ochuluka kuti penti achuluke. Alipo anzathu ena amatero, wotsalayo n'kukagulitsa. Ndikunena ine mnzawo.

Bambo a Yankho: Moni nonse. Andilowetsa pagulu pano ndi mlamu wanga, akuti ndikuzengedwa mlandu ine kulibe. Ndawerenga zonse, za malata zomwe ndaziona.

Nachisale wa ku Bangwe: Mayooo kkkkk alamu afika!

Bambo a Yankho: Ndingofotokoza mbali yanga. Ine si kuti ndimakonda kirimu. Ndinakulira ku Mbayani m'chipinda chimodzi, anthu 6, kawindo kamodzi kotseka ndi katoni. Amayi ankaphikira mbaula m'nyumba mvula ikamagwa, makoma anali akuda ndi mwaye, homuweki ndinkalembera pakhomo kuti ndione. Chaka chilichonse Khirisimasi ikayandikira bambo ankagula njereza, ife ana n'kupaka ndi tsache. Tsiku limenelo nyumba inkaoneka ngati yakula, ndipo amayi ankaimba. Ndinalumbira kuti ndikadzamanga yanga idzakhala yowala. Ndiye lero mayi akunyumba akuti tigule ndi ndalama mtundu womwe uja mwaye unkatipatsa ulere. Ndi pamene mutu wanga ukukanira.

Make Yankho (Machinjiri): Zaka 11 m'banja, nkhani ya njereza imeneyi ndikuimvera pagulu. Bwanji osandiuza kunyumba, m'malo momangoti "ayi, kirimu"?

Bambo a Yankho: Simunandifunse chifukwa. Munangondionetsa foni.

Agogo a Landilodi (Chilobwe): Ana inu mwandiliza ndi kundiseketsa nthawi imodzi. Njereza ija inkatipaka kumsana ukatsamira khoma, umapita kutchalitchi uli mbuu.

Anambewe (Johannesburg): Alamu, ndamva ndipo ndabweza mawu anga theka. Koma theka linalo likhale: wowala si kirimu yekha. Alipo gireyi wowala wopendekera ku mchenga, alipo wobiriwira wofewa, alipo woyera wothira kabulauni pang'ono. Mkazi wanu akuthawa nyumba za lendi, inu mukuthawa mwaye. Zonse ziwiri zikhoza kuthawika.

Mmisiri wa ku Ndirande: Chitani izi, musanagule ndowa. Tengani tizitini tating'ono ta mitundu itatu kapena inayi: wakuda wa mayiwo, kirimu wa bambowo, ndi ina iwiri yapakati. Pakhadi la m'sitolo musakhulupirire, kabokosi kake n'kochepa ngati chikhadabo ndipo mukukaonera pansi pa magetsi a m'sitolo. Penti akadzaza khoma amaoneka wakuda kuposa pakhadi. Pezani zidutswa za siling'i bodi zotsala zija, pafupifupi mita imodzi mbali zonse, pakani makoti awiri, ziume. Kenako muziziimika pakhoma lililonse, muzione m'mawa, masana, madzulo, usiku ndi babu, komanso usiku magetsi atazima muli ndi kandulo kapena tochi ya foni. Mayeso omalizawa a m'zithunzi aja sachita, koma kuno ndi ofunika.

Amalume a ku Nyambadwe: Ndipo yesani ndi mababu amene mudzagwiritse ntchito. Pabokosi pamalembedwa 3000K kapena 6500K. Ya 6500K ndi yoyera mopita ku buluu, imene yadzaza m'misika muno, ndipo gireyi pansi pake amazizira ngati m'chipinda cha opareshoni. Ya 3000K ndi yofunda, imakometsa gireyi koma kirimu imamusandutsa wachikasu ngati kasitadi. Amene muli ndi pansi popolisha mofiira dziwaninso kuti khoma loyera limatengako kufiirako, limaoneka la pinki masana.

Make Tadala (Manja): Ndiye chifukwa chake! Ine ndimayesa anandigulitsa penti wolakwika.

Make Yankho (Machinjiri): Abale, ndabweranso patatha masabata awiri, ndisakhale ngati odwala amene akachira satsanzika. Tinachita monga a Mmisiri ananenera, mabodi anayi. Tsiku la Lachitatu lija kunali chiperoni, nkhungu mpaka pakhonde. Ndinaimika bodi langa lakuda pakhoma loyang'anizana ndi windo cha m'ma 10 koloko m'mawa, ndinakhala pa ndowa n'kumaliyang'ana. Linkaoneka ngati dzenje. Sindinauze munthu, ndinangolitembenuza. Koma kirimu nayenso anagwa mayeso: usiku ndi babu yofunda ija anachita chikasu mpaka abambo eni ake anati "uyu ayi, akuoneka ngati wakale kale."

Tapaka gireyi wowala wopendekera ku mchenga makoma atatu, siling'i yoyera. Khoma limodzi la kuseri kwa TV ndiye ndapaka wakuda wanga uja, silk, makoti atatu, ndipo linangodya malita 5 osatha. TV ikazima imasowa pakhomapo, mawaya saoneka. Kuchipinda kwathu windo limayang'ana kum'mawa, dzuwa limatidzutsa 6 koloko isanakwane, ndiye kumeneko ndapambana: khoma la kumutu kwa bedi ndi lobiriwira lakuda la Anambewe lija. Kwa ana tapaka zachikale za a Mmisiri, m'munsi wochapika wabuluu wotuwa, pamwamba woyera.

Mnyamata wa Manoma: Buluu walowa m'nyumba! Ndinanena ine.

Mmisiri wa ku Ndirande: Mwachita bwino mayi. Khoma lakudalo musalipukute masabata awiri kapena atatu oyamba, penti amauma pamwamba msanga koma kulimba kumatenga nthawi. Fumbi muzichotsa ndi nsalu youma yofewa.

Bambo a Yankho: Ine ndilibe dandaulo. Kungoti amayi anabwera Lamlungu kudzaona nyumba. Anazungulira zipinda zonse, anafika pabalaza, anaima nthawi yaitali akuyang'ana khoma la TV lija. Kenako anandikokera pakhonde n'kundinong'oneza kuti, "Mwana wanga, ngati penti anakutherani unene, ndili ndi kangachepe ka ku banki mkhonde, mumalizitse khoma linalo."

Make Yankho (Machinjiri): Ndalamazo alandira, abale. Akuti tigulira makatani.

Che Jafali wa ku Limbe: Make Yankho, wakuda wotsalayo alipo wochuluka bwanji? Ndili ndi kashelefu ka nsapato kakufunika penti, ndidzadutsa Loweruka ndi kabotolo.